Mpeni Wolimba Saunolera pa Gilayinda

Ku Heavy Industrial Area, kumadzulo kwa tawuni ya Lusaka, chitsulo chimadulidwa ndi phokoso. Mukachoka mumsewu wa Lumumba n'kulowa wa Mungwi kapena wa Buyantanshi, magilayinda amakhala akulira mbali zonse, moto uli thethethe pamakomo a mawekishopu. N'chifukwa chake ndimagoma ndi mmisiri wa kumeneko amene ukamupatsa mpeni wopinda wa chitsulo cholimba amazimitsa makina, n'kukhala pansi ndi mwala ndi kabotolo ka madzi.

Iye sathamangira kunola. Amatsegula mpeniwo, kuugwedeza kuti aone ngati loko wagwira, kenako n'kuupenyetsetsa padzuwa, kukuthwa kutaloza kumwamba. Pobuntha pamanyezimira, pakuthwa sipabweza kuwala. Akatero amafufuza zolemba za patsinde la mpeniwo, pakuti mtundu wa chitsulo ndiwo umamuuza mwala woti atenge.

Ambirife tinakula ndi Okapi, mpeni uja wa chigwiriro chamtengo ndi kamphete kokoka potseka. Unayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Chitsulo cha Okapi n'chomvera. Tupa amachidya, mwala wa mbali ziwiri wa m'hadiweya umachidya, ngakhale kunsi kwa kapu ya tiyi, kuja kosapaka, kumachidya. Umabuntha msanga, umathwanso msanga, ndipo palibe amene amadandaula.

Mipeni yolembedwa D2 kapena S30V ndi ina. Kulimba kwake kumakhala pakati pa 58 ndi 62 pa muyeso wa Rockwell, moti tupa amangoterereka osaluma. Komabe chimene chimatopetsa onola kwambiri ndi timibulu tosaoneka ndi maso, totchedwa carbide, tomwazikana m'chitsulomo. Mu D2 timachokera ku chromium, amene alimo pafupifupi 12 peresenti. Mu S30V mulinso ta vanadium, amene alimo 4 peresenti. Zili ngati konkire: mwala wofewa umapala simenti, miyala ya m'katimo n'kutsala ili tuu. Carbide wa vanadium ndi wolimba kuposa aluminium oxide, amene miyala yambiri yonolera imapangidwa naye, ndiye munthu akhoza kukhula tsiku lonse, mwala n'kukumbika pakati, mpeni udakali wobuntha. Apa mmisiri amatenga kachitsulo kaphanthiphanthi komatidwa fumbi la dayamondi. Pa D2, kachitsuloko kakasowa, amagula sandipepa yakuda ya madzi, ija amagwiritsa ntchito owongola ndi kupenta magalimoto, n'kuiyala pagalasi. Ine ndimaona kuti nzeru imeneyi n'njoposa zida zambiri zodula.

Tsono taonani manja ake. Amayamba wapaka inki ya maka kukuthwa konse, mbali zonse ziwiri. Amagoneka mpeni pamwala n'kudzutsa msana wake pang'ono, madigiri 15 mpaka 20, zala ziwiri za kumanzere zitakanikiza pafupi ndi kukuthwa. Akakankha kawiri katatu amautembenuza n'kuyang'ana. Inki ikachoka kumtunda kokha, ndiye kuti wagoneka kwambiri; ikachoka kumapeto kwenikweni kokha, wadzutsa kwambiri. Akapeza pamene inki ikuchoka yonse, dzanja limauma pamfundo, osagwedera, ndipo oyenda amakhala mapewa ndi thupi. Pofika pokhota, chakunsonga, amakweza chigongono pang'ono kuti nsonga nayo ilawe mwala. Amenewo ndiwo malo amene ophunzira amaphonya, n'kusiya nsonga ili yobulungira.

Sawerenga kuti wakankha kangati. Amadikira kamlomo, kachitsulo kopyapyala kamene kamapindikira mbali inayo mwala ukafika kumapeto kwenikweni. Amakamva ndi chala chachikulu, akusisita kuchokera kumsana kutsikira kukuthwa, osati motsatira kukuthwako. Kamlomoko kakamveka kuyambira patsinde mpaka kunsonga, m'pamene amatembenuza. Ntchito yaikulu imathera pamwala wokhakhala, wa nambala 300 kapena 400. Wa 1000 ndi wongosalazira, ndipo pamenepo amapeputsa dzanja, uku kamodzi uku kamodzi. Pomaliza amakoka mpeni chobwerera m'mbuyo palamba wachikopa, kamlomo kaja n'kuthothoka.

Nanga gilayinda yalakwanji, poti makasu, nkhwangwa ndi zikwanje zimathwera pomwepo? Vuto ndi kutentha. Kukuthwa kwa mpeni n'kopyapyala, kulibe kothawitsira moto. Chitsulo wamba chikatentha kufika madigiri 220 chimayamba kuchita chikasu, chikayandikira 300 chimabiriwira, ndipo pamene pabiriwirapo pafewa basi. Madzi sangapabwezeretse. Mpeniwo umatuluka ukumeta cheya cha pamkono, koma mawa lake wapindika pa katoni wamba.

Mmisiri akamaliza amatsuka fumbi la mwala polumikizira, chifukwa likatsalamo limadya mpeni nthawi iliyonse ukamatsegulidwa, kenako amadonthezapo mafuta. Amayesera pa tomato wakupsa: mpeni umalowa pakhungu wokha, osafinya madzi.

Inu a ku Kabwata, ku Chelstone kapena ku Woodlands amene munagula mpeni wotere, musanausiye m'manja mwa wonola mufunseni kuti, "Bambo, muunolera pa chiyani?" Akaloza gilayinda, upindeni, muubweze m'thumba.