Gitala Yosalasa Khutu

M'matchalitchi ndi pamaukwati a ku Uraha, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, gitala yamagetsi ili ndi malo ake ngati kwina konse m'Malawi muno. Chodandaulitsa n'chakuti kawirikawiri imalira molasa khutu, mpaka kwaya imachita kukuwa kuti imveke. Oyimba ambiri amaloza chala ampulifaya yotchipa. Ine ndikuona kuti vuto lalikulu n'lakuti tazolowera kuyesa ukatswiri ndi kukula kwa phokoso.

Chonsecho anthu a kumpoto kuno anakula akumva gitala yoyera. Nyimbo za rumba za ku Congo, za Franco amene anayambitsa OK Jazz mu 1956, ndi za Docteur Nico wa African Fiesta, zinkamveka nsambo iliyonse payokha, mokoma ndi mosaphwanyika. Kukoma kumeneko kuli ndi magwero ake, ndipo aliyense angathe kuwaphunzira.

Khutu la munthu limamva kwambiri mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz. Treble ikachuluka, mpamene pamabadwira kulasa kuja. Koma kuitsitsa yonse n'kukweza bass si mankhwala: gitala imangomveka ngati ikulirira m'mtsuko, n'kumalimbirana malo ndi gitala ya besi. Kufunda kwa mawu kumakhala pa middle, batani limene ambiri amalinyalanyaza. Likwezeni pang'ono, treble ibwerere m'mbuyo, ndipo ngati pali batani la bright lizimitseni. Gain ikhale pansi, mphamvu ichokere ku master volume, kuti mawu asayambe kusweka mukakhwatcha mwamphamvu.

Chizolowezi china chowononga ndicho kulumikiza gitala mwachindunji ku mixer. Sipika ya ampulifaya ya gitala imasefa yokha mawu opitirira pafupifupi 5,000 Hz, pomwe masipika a PA amawatulutsa onse osasiyako. Ndi bwino kuika maikolofoni patsogolo pa ampulifaya, chakumbali pang'ono, chifukwa pakatikati pa sipika mpamene pamachokera mawu akuthwa kwambiri.

Komabe mabatani amangomaliza zimene dzanja layamba. Pickup ya kufupi ndi khosi la gitala imatulutsa mawu onenepa kuposa ya kumunsi, ndipo kukhwatchira chakukhosi komweko kumawafewetsanso. Wes Montgomery, katswiri wa jazz wa ku America amene anamwalira mu 1968, ankakhwatcha ndi chala chachikulu, ndipo mpaka lero oyimba amasirira kufunda kwa gitala yake. Kwathu kuno mvetserani Erik Paliani, amene anaimba ndi Hugh Masekela ku South Africa: sakakamiza nsambo, amazilola zilankhule. Tisasokonezenso kufunda ndi kufa kwa mawu. Nsambo zochita dzimbiri ndi thukuta komanso chinyezi cha m'mbali mwa nyanja sizifunda, zimangogontha.

Ena amati gitala yofewa imamira pakati pa ng'oma ndi kiyibodi. Imamiradi ngati aliyense akukweza chake. Koma pamenepo chofunika kukonza ndi gulu lonse, osati kunola gitala. Nyimbo zathu zambiri, za m'tchalitchi ndi za paphwando zomwe, zimatsamira pa mawu a anthu oyimba mopolokezana. Woyimba gitala amene wamvetsa zimenezi amatchera ampulifaya yake akumvetsera kwaya, ndipo amasiya kukweza pamene uthenga wa nyimbo ukumvekabe kwa wokhala pa benchi yakumbuyo.