Mlingo umodzi sukwanira odwala onse

Buku la Antibiotic Pharmacokinetic/Pharmacodynamic Considerations in the Critically Ill, lomwe linakonzedwa ndi Andrew Udy, Jason Roberts ndi Jeffrey Lipman a ku Australia, linatuluka ku Springer mu 2018. Likutsutsa zomwe ambirife tinazolowera, zoti mlingo wa maantibayotiki wolembedwa pa kapepala ka m'bokosi umayenera wodwala aliyense. Mlingowo nthawi zambiri amaupeza poyesa anthu athanzi kapena odwala pang'ono, pomwe thupi la munthu amene ali mwakayakaya mu ICU limayenda mwina.

Mutu wonena za ECMO ndi wogwira mtima. Awa ndi makina amene amatulutsa magazi m'thupi, kuwathira okosijeni n'kuwabwezeramo, mapapo kapena mtima zikalephera. Mapaipi ake ndi sefa yake zimagwira ena mwa mankhwala, makamaka osungunuka m'mafuta monga voriconazole. Dokotala wapereka mlingo wonse, koma wofika kwa tizilombo ndi wochepa.

Wowerenga wa kuno ku Kanini, mu Ndola, angati zimenezi nzakutali, popeza makina otere ndi osowa kwambiri m'chigawo chino cha Africa. Asafulumire kutseka bukuli, chifukwa mitu ya impso ndi ya albumin ndi yakwathu ndithu. Mnyamata wovulala pa ngozi ya pamsewu wa Ndola ndi Kitwe impso zake zimatha kusefa magazi opitirira mamililita 130 pa mphindi, choncho mankhwala amathera mu mkodzo asanagwire ntchito. Wodwala wowonda ndi TB kapena kusowa zakudya amakhala ndi albumin wochepa, ndipo ceftriaxone, amene amadalira kukakamira ku puloteni ameneyu kuti akhalitse m'magazi, amatuluka msanga. Bukuli likufotokozanso bwino chifukwa chake gentamicin amafuna mlingo waukulu kamodzi patsiku, pomwe meropenem amachita bwino akamalowa pang'onopang'ono m'diripi kwa maola angapo. Izi namwino angazichite popanda makina odula.

Nkhawa ya akonziwa ili ndi maziko. Kafukufuku wa DALI wa mu 2014, amene Roberts anatsogolera m'zipatala 68, anapeza kuti odwala 16 pa 100 alionse amene ankalandira mankhwala a gulu la penisilini ndi ofanana nawo analibe okwanira m'magazi.

Chondidandaulitsa nchakuti alembi ambiri akulankhula ngati labotale yoyeza kuchuluka kwa mankhwala m'magazi ili pafupi ndi bedi lililonse. Dokotala amene alibe chipangizocho akumusiya aganize yekha, ndipo umboni wambiri ndi wochokera ku Ulaya, ku America ndi ku Australia. Chingerezi chake ncholemeranso, masamu ake ngofuna kudekha.

Ndingakonde ophunzira a pa Michael Chilufya Sata School of Medicine ataliwerenga, ndipo akatswiri ofufuza za matenda, omwe ali mu Ndola momwemu, atayeza mankhwalawa m'magazi a odwala athu.