Mfiti ya pa Dziwe: Za Buku la Elizabeth George Speare

Mwa mabuku a Cingelezi amene analembedwera anyamata ndi atsikana, liripo lina lochedwa The Witch of Blackbird Pond, ndiko kunena mfiti ya pa dziwe la mbalame zakuda. Mlembi wace ndiye Elizabeth George Speare wa ku Amereka. Bukuli linasindikizidwa m'caka ca 1958, ndipo m'caka ca 1959 linalandira mphotho ya Newbery, imene imapatsidwa kwa buku la ana lopambana m'dziko limenelo. Nkhani yace ndi yopeka, koma mudzi wa Wethersfield, m'dziko la Connecticut, ndi weniweni, ndiponso milandu ya ufiti inazengedwadi kumeneko.

Nkhaniyi iyamba m'caka ca 1687. Mtsikana wamasiye wa zaka 16, dzina lace Kit Tyler, acoka ku cisumbu ca Barbados agogo ace atamwalira, napita kukakhala kwa mbale wa amai ace pakati pa Apuritani. Anthu amenewa anali ocokera ku Mangalande, ouma mtima pa zacipembedzo, odana ndi zobvala zokongola ndi masewera. Asanafike n'komwe, Kit adziponya m'madzi kukatola cidole ca kamwana kochedwa Prudence. Ku Barbados kusambira sikunali kanthu, koma kuno anthu ankakhulupirira kuti mkazi wosamira m'madzi ndiye mfiti. Tsono cifundo cace comweco ndico ciyambi ca mabvuto ace.

Luso lalikuru la mlembiyu lioneka pa njira imene asonyezera kabadwe ka mlandu wa ufiti. Kunja kwa mudzi kukhala nkhalamba yamasiye, Hannah Tupper, wa mpingo wa Quaker umene Apuritani ankauda. Iye sapita ku mapemphero ao, alibe mbale womuimira, ndipo akhala yekha ndi mphaka wace. Anthu amnena kwa zaka zambiri osamcita kanthu. Koma nthenda ya malungo itagwa pa ana a m'mudzi, ena ndi kufa, mantha afuna munthu woti amsenzetse, ndipo khamu lipita usiku kukatentha nyumba yace. Mlembi sanalalikire pamenepa. Wangoika zinthu zitatu pamodzi: mlendo, nkhalamba yopanda abale, ndi maliro osadziwika cifukwa cace. Wowerenga aona yekha kuti pamene zitatuzi zikumana, mfiti imapezeka ngakhale palibe.

Cinanso coyamikika ndi cakuti Apuritani sanawapake matope onse. Matthew Wood, mwini nyumba imene Kit akhala, ndi munthu waukali amene sakondwera naye mtsikanayo, koma pa tsiku la mlandu aimirira namteteza. William Ashby, mnyamata wacuma amene ankamfunsira ukwati, sabwera n'komwe. Apa bukuli liphunzitsa kuti bwenzi limadziwika pa tsoka.

Mlandu wa Kit ndiwo mtima wa nkhani yonse. Iye ankaphunzitsa Prudence kuwerenga mobisa kunyumba kwa Hannah, pakuti amai a mwanayo ankati ndi wopusa wosayenera sukulu. Kabuku kolembedwamo dzina la mwanayo kambirimbiri kaperekedwa pa bwalo monga umboni wakuti Kit ankamlodza. Pamenepo Prudence afika, nalemba dzina lace pamaso pa oweruza, nawerenga m'Baibulo, ndipo atate ace acotsa mlanduwo ali onyada. Umboni umene unayenera kupha Kit ndiwo umpulumutsa. Mlembi anaumanga bwino mutu umenewu, ndipo palibe woumaliza osagwidwa mtima.

Komabe pomwepa ndi pamene pali kufooka kwa bukuli. Zonse zitha bwino mopitirira. Hannah athawitsidwa pa combo ca atate a mnyamata Nat Eaton, Kit amasulidwa, ndipo atsikana atatu a m'nyumba ya Wood apeza amuna owakonda. Mbiri yeniyeni sinali yokoma cotero. Alse Young anapacikidwa ku Hartford m'caka ca 1647. John Carrington ndi mkazi wace Joan, a mu Wethersfield momwemo, anaweruzidwa kuti afe m'caka ca 1651. Katherine Harrison, wamasiye wa m'mudzi womwewo, anapulumuka imfa koma anapitikitsidwa m'caka ca 1670. Ku Salem, m'dziko loyandikana la Massachusetts, anthu 19 anapacikidwa m'caka ca 1692. Kunali m'caka ca 2023 pamene nyumba ya malamulo ya Connecticut inalengeza kuti oweruzidwa aja analibe mlandu. Anthu amenewa analibe combo cowadikira, ndipo panalibe mwana wowerenga amene anaimitsa khamu. Wowerenga wacinyamata angatseke bukuli akuganiza kuti coonadi cikangoonekera anthu amabweza mtima msanga, pamene kawirikawiri sizitero.

Kufooka kwina kuli pa nkhani ya akapolo. Kit anakulira pa munda wolimidwa ndi akapolo akuda, ndipo anagulitsa mdzakazi wace kuti apeze ndalama za ulendo. Nat amdzudzula pa za ukapolo pang'ono cabe, kenaka nkhaniyo iiwalika. Buku limene limvera cisoni nkhalamba yosalidwa likadayenera kufunsanso kumene kunapita mtsikana wogulitsidwa uja. Wowerenga wa mu Afirika sangadutse pamenepa osaima.

Nkhani ya mayeso a m'madzi si yacilendo kuno. M'caka ca 1925 Tomo Nyirenda, wochedwa Mwana Lesa, ankabviika anthu mu mtsinje pakati pa Alala kuti azindikire mfiti, ndipo ambiri anaphedwa. Iye mwini anapacikidwa m'caka ca 1926. Cotero Apuritani a ku Connecticut ndi anthu a ku Mkushi, osadziwana konse, anafunsa madzi funso limodzimodzi, ndipo ofooka ndiwo analipira.

Cifukwa cace bukuli liyenera kuwerengedwa ndi otsiriza sukulu, pakuti Cingelezi cace ndi cosabvuta ndipo nkhani yace imakoka. Koma aliwerenge ndi maso awiri, lina pa nthano, lina pa mbiri. Phunziro lace lokhalitsa liri pa usiku umene Kit anamva kuti khamu likupita kwa Hannah. Iye anadziwa kuti kuthandiza nkhalambayo kudzamchulitsa mfiti nayenso, koma anaturuka mumdima kukaicenjeza. Mnyamata kapena mtsikana wobwerera kumudzi ndi setifiketi yace angadzakumane ndi usiku wotere, maliro atagwa ndi zala zikuloza nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, ndipo pamenepo adzayenera kusankha monga anasankhira Kit, popanda lonjezo lakuti zidzamthera bwino.