Mirabai: Ndakatulo za Mkazi Amene Anakana Kukhala Wamasiye

Ambili a ife m'makomboni tinakula tikumva nyimbo za cikondi pa wailesi ndi nyimbo za Mulungu ku chalichi, ndipo tinaphunzitsidwa kusazisakaniza. Ndakatulo za Mirabai zimagwetsa mpanda umenewu, ndipo n'cifukwa cake ndikufuna kuti muziŵelenge.

Mirabai anabadwa ca m'ma 1498 ku Rajasthan, kumpoto ca kumadzulo kwa India. Mu 1516 anakwatiwa ndi Bhoj Raj, mwana wa mfumu ya ku Mewar, koma patapita zaka zocepa mwamunayo anamwalila. Mwambo unafuna kuti akhale cete m'nyumba yacifumu. Iye anatuluka, n'kumaimba ndi kuvina pakati pa anthu wamba, akunena kuti mwamuna wake weniweni ndi Krishna.

M'Cihindu njila imeneyi amaicha bhakti. Buku la Bhagavad Gita limafotokoza kuti munthu angafike kwa Mulungu mwa nchito zake, mwa cidziŵitso, kapena mwa cikondi codzipeleka. Njila yacitatuyi sifuna sukulu kapena wansembe. Olemba ake anali kuimba m'zinenelo za kwawo, kusiya Cisanskrit ca ophunzila.

Mphamvu ya Mirabai, mmene ndionela ine, ili pa kagwilitsidwe nchito ka mau a ukwati. Amatenga zonse zimene mkamwana amauzidwa, monga kukhulupilika, kudikila ndi kugonjela, n'kuzipeleka kwa Krishna. Akatelo, apongozi sakhalanso ndi cogwila. Angamulamule bwanji kulila malilo mkazi amene mwamuna wake safa? Pemphelo lake ndilo kukana kwake. M'ndakatulo ina amakamba kuti anagula Krishna pamsika, atamuyeza pasikelo anthu akuona. M'zina amachula cikho ca poizoni cimene Rana, wolamulila wa banjalo, anamutumizila, iye n'kumwa akuseka.

Komabe sakulonjeza mtendele wochipa. Ndakatulo zambili n'za kusungulumwa: usiku wosagona, nyengo ya mvula itafika wokondedwayo osabwela. Kumva kuti Mulungu ali kutali, kumene ena angakuone ngati kucepa kwa cikhulupililo, kwa iye ndi mbali ya ulendowo.

Zofooka zilipo. Mukaŵelenga makumi aŵili motsatizana, zithunzi zimayamba kubwelezeka: citolilo, misozi, maso akuda a Krishna. Izi zinapangidwa kuti ziziimbidwa monga ma bhajan, ndipo papepala zimataya theka la moyo. Muyambe mwamvetsela M. S. Subbulakshmi, amene anaseŵela monga Mirabai m'filimu ya Meera ya mu 1945. Cina n'cakuti ndakatulo zambili zokhala ndi dzina lake pamzele wothela zinapekedwa ndi oimba ena pambuyo pake. Akatswili amadandaula nazo. Ine ndiona kuti ndi umboni: kwa zaka mazana, anthu osauka ndi akazi oponderezedwa anabweleka dzina lake kuti anene zimene sakanatha kunena m'dzina lawo.

Kwa inu amene mumalemba ndakatulo, phunzilo n'lakuti Mirabai sanafotokoze Mulungu ndi mau akuluakulu. Anatenga sikelo, cikho ndi tumabelu twa kumiyendo, zinthu zimene wogulitsa pamsika amadziŵa. N'cifukwa cake akuimbidwabe patapita zaka pafupifupi 500.