Ngwazi Zopanda Mayina: Makanema Akale a Nkhondo M'maso mwa Anthu a ku Katete

M'nkhani ino tikufuna kuunika funso limodzi: kodi makanema akale a nkhondo amapereka dzina ndi mawu kwa yani? Kwa ife a ku Katete, Sinda ndi Vubwi funsoli ndi lolemera, pakuti anyamata ambiri a chigawo chino analembedwa usilikali mu Northern Rhodesia Regiment, momwe Chinyanja chinali chiyankhulo cha malamulo pa perete. Mu Ogasiti 1940 ena mwa asilikaliwa anathirana zipolopolo ndi Ataliyana pa Tug Argan ku Somaliland, ndipo mu 1944 ena anali m'nkhalango za ku Burma.

Tiyambe ndi Sergeant York, kanema wa mu 1941. Gary Cooper akusewera ngati Alvin York, mlimi wa ku Tennessee amene atatembenuka mtima anakana kupha munthu. Mkulu wa asilikali akumpatsa buku la mbiri ya America. York akukwera phiri ali ndi bukulo pamodzi ndi Baibulo, ndipo mphepo ikutsegula Baibulolo pa ndime yonena za Kaisara ndi Mulungu. Basi chikumbumtima chagona. Kutsogoloku tikumuona akugwira Ajeremani 132 mu Okutobala 1918. Apa chikhulupiriro sichikutsutsa boma. Chikungochedwa pang'ono kulivomera, ndipo tisaiwale kuti kanemayu anatuluka miyezi yochepa America isanalowe nkhondo yachiwiri.

Nanga mnyamata wobatizidwa pa misyoni ya Nyanje, Kaisara wake anali yani? Mawu akuti "dziko" m'Chinyanja amanena za nthaka, manda a makolo ndi mfumu yoziyang'anira: dziko la Kawaza, dziko la Mbang'ombe, dziko la Undi. York anamenyera dziko lomwe analinso kulilima. Msilikali wathu anamenyera King George VI, mfumu yomwe ankangoiona pa sitampa ndi yomwe inkamulipiritsa msonkho. Motero "kukonda dziko" kwa m'makanemawa sikulowa m'chiyankhulo chathu popanda kusiya china pakhomo.

Kanema wa Zulu, wa mu 1964, wonena za nkhondo ya pa Rorke's Drift mu Januwale 1879, akutenga njira ina. Mmishonale Otto Witt, amene akulalikira zoti magazi asakhetsedwe, akusandutsidwa chidakwa n'kuchotsedwa pamsasa kuti amuna agwire ntchito yawo. Tivomereze kuti kanemayu akulemekeza kulimba mtima kwa Azulu kuposa ambiri a nthawi yake. Komabe ulemuwo ndi wa khamu, osati wa munthu. Pomaliza Richard Burton akutchula mayina a asilikali 11 olandira mendulo ya Victoria Cross, pamene Azulu mazanamazana ogona pansi sakutchulidwa n'mmodzi yemwe. Woonera wa kuno sangalephere kukumbuka Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anaomberedwa ndi Angelezi mu Febuluwale 1898. Koma tisafulumire: Mchewa amene makolo ake ankathawira m'mapiri poopa nthungo za Angoni mwina sangadziwe mbali yoti aombere m'manja, ndipo kanemayu alibe malo a munthu wotere.

Chitsanzo chomwe chimatiwawa kwambiri ndi Objective, Burma! wa mu 1945, momwe Errol Flynn ndi anzake a ku America akuoneka ngati nkhondo ya ku Burma anaimenya okha. Angelezi anakwiya kwambiri poona kuti afafanizidwa, moti kanemayu anachotsedwa m'nyumba zoonetsera za ku London patangopita masiku ochepa. Iwo anali ndi manyuzipepala odandauliramo. Asilikali a 11th East African Division, amene anatsika chigwa cha Kabaw m'mvula ndi malungo mu 1944 akulamulana m'Chinyanja ndi Chiswahili, nawonso mulibe m'kanemayu, koma sanaleke kuonetsedwa chifukwa cha iwo.