Alakatuli athu ndi nyimbo ya "boma lilowererepo"

Mawu akuti "boma lilowererepo" afika potopetsa m'ndakatulo ndi nyimbo zimene zikuyenda pa mafoni masiku ano. Mlakatuli wa ku Bangwe akalira za bandulo yosungunuka ngati mchere m'madzi, amathera pa mawu amenewa. Woyimba wa ku Ndirande akadandaula kuti nyimbo yake yawanda pa WhatsApp ndi Facebook iye osaona ndi tambala yomwe, nayenso amathera pomwepo. Dandaulo lawo ndi loona. Koma sakufunsa kuti boma likalowererapo limagwira pati: m'thumba la kampani kapena pakamwa pa munthu?

Mlembi wa ku Malawi kuno sayenera kuiwala funso limeneli. Lamulo la 1968 limene lidakhazikitsa Censorship Board nalonso ati lidadza kudzateteza anthu. Buku la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidatuluka mu 1981, kenaka lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu. Mwini wake adamangidwa mu 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Chodabwitsa n'chakuti anthu wamba a ku Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akusiyanitsa bwino zinthuzi kuposa alakatuli awo. Mu 2020 anthu atafuula kuti mtengo wa intaneti utsike, bungwe la MACRA lidakambirana ndi Airtel ndi TNM ndipo mitengo ina idatsika. Ndani adati boma lapyola malire? Koma nkhani ya makina a MACRA amene anthu adawatcha "spy machine", poopa kuti azimvetsera zokamba zawo pa lamya, idakafika mpaka kukhoti. Kumayambiriro kwa 2025, zitamveka kuti bungwe lomwelo likugula makina olondola nkhani zabodza pa intaneti, anthu adachitanso phokoso. Uku si kusokonezeka mutu ayi. Mayi wogulitsa matemba mumsika wa Ndirande akufuna kuti kampani imangidwe manja pa mitengo, pa ndalama zake za pafoni ndi pa zinsinsi zake. Sakufuna kuti wina azisuzumira zimene akulemberana ndi achemwali ake ku Joni.

Mantha akewo ali ndi gwero. Pansi pa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, amene tawaona akukwezedwa galimoto ya polisi ndi anthu olemba zonyoza akuluakulu pa WhatsApp ndi Facebook. Khoka limene tidauzidwa kuti n'logwirira ng'ona likukola usipa.

Dziko la Nigeria likutionetsa mbali zonse ziwiri. Mu 2021 boma lidatseka Twitter kwa miyezi 7 kampaniyo itafufuta zimene adalemba Pulezidenti Muhammadu Buhari. Odzudzulidwa adali kampani, koma osowa polankhulira adali anthu. Mu 2024 dziko lomwelo lidalamula kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, kulipira madola 220 miliyoni chifukwa cha mmene imagwiritsira ntchito zinsinsi za anthu. Konseko boma lidalowererapo, koma kodi n'chimodzi?

Kwathu kuno lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, lidabwera mu 2024, ndipo udindo woliyang'anira udaperekedwa kwa MACRA yomwe ija. Apa ndiye pamene pali ndakatulo, abale: mlonda mmodzi wapatsidwa kiyi wa nkhokwe ndi wa kuchipinda komwe. Nanga alakatuli athu ali kuti?

Sitikunena kuti ndakatulo isanduke chikalata cha maloya. Tikunena kuti mlakatuli amene akuitana boma atchule chimene akuliitanira, monga amachitira mayi wa matemba uja. Akangoti "lilowererepo" basi, asadzadabwe tsiku limene adzalandire alendo m'bandakucha, akufunsa za ndakatulo yake yomweyo.