Mphunzitsi amene salalikira

Mkatolika akalandira Ubatizo, Ukaristia ndi Ulimbitso, makalasi ake a katekisimu amakhala atha, ndipo ambiri amawatsiriza akadali ana. Nanga zaka zonse zotsalazo, za banja, za ngongole, za matenda ndi maliro, Malembo aziwaphunzira kuti? Ku Karonga funsoli ndi lolemera. Dayosizi ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 2010 ndi Papa Benedict XVI, itadulidwa ku Dayosizi ya Mzuzu, ndipo episkopi wake woyamba ndi Ambuye Martin Mtumbuka. Dera lake ndi lotambalala: boma la Karonga, la Chitipa ndi chigawo china cha Rumphi. Wansembe wa parishi ya St Anne ku Chilumba, kapena wa ku Kasantha, sangafike m'mudzi uliwonse Lamulungu lililonse, makamaka mitsinje ya North Rukuru ndi Lufilya ikasefukira. Sukulu ya akuluakulu imene imatsala ndi mphakati, kagulu ka mabanja oyandikana kokumana pakhomo pa mmodzi wa iwo. Ndipo mukaona mphakati ukuphunzitsadi anthu, dziwani kuti pali wina wodziwa ntchito yake, amene amatsogolera kugawana Mawu.

Maepiskopi a AMECEA, bungwe lawo la chigawo chino cha Africa, anagwirizana mu 1973, nabwerezanso mu 1976, kuti moyo wa Mpingo ukhazikike pa timagulu totere. Kuno kwathu Ambuye Patrick Kalilombe analimbikira kwambiri ganizoli ku Dayosizi ya Lilongwe. Komatu kusonkhanitsa anthu n'kosavuta. Chovuta n'chakuti akasonkhana, popanda wansembe, achite nalo chiyani Baibulo. Njira imene inafala inachokera ku Lumko, malo ophunzitsira za utumiki ku South Africa, kumene kunkagwira ntchito ansembe awiri a ku Germany, Oswald Hirmer ndi Fritz Lobinger, omwe pambuyo pake anadzakhala maepiskopi. Masitepe ake alipo 7, ndipo inayenda mpaka ku Asia. Papepala ndi yophweka, mwana wa sukulu angailoweze tsiku limodzi. Luso lonse lili m'kagwiridwe kake.

Dzuwa la Karonga likapendeka, anthu amayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ena angochoka kumene m'munda wa mpunga, matope akadali m'miyendo. Asodzi mtima uli kunyanja, poti usiku akalowa ndi nyali kukakola usipa. Njinga zatsamira kukhoma, Baibulo laikidwa pa katebulo koyalidwa chitenje. Wotsogolera uja simungamuzindikire msanga, chifukwa wakhala m'bwalo momwemo ngati wina aliyense.

Choyamba chimene ndimasilira n'chakuti satchula munthu dzina. Sanena kuti, "Amayi a tcheya, tatipemphererani." Amati, "Kodi alipo amene angatiitanire Ambuye pakati pathu?" Akatero amadikira. Kudikirako n'kowawa, ndipo wosazolowera amathamangira kupemphera yekha kuti manyazi achoke. Waluso amadziwa kuti akayamba kutchula maina, azitchula omwewo sabata ndi sabata, ndipo gogo wokhala kumapeto kwa mphasa adzamwalira asanatsegulepo pakamwa pagulu.

Potsegula Baibulo, satchula zonse kamodzi. Amati buku la Marko, n'kuyang'ana kuti onse alipeza. Kenaka mutu 4. Pomaliza ndime 35 mpaka 41, nkhani ya namondwe panyanja. N'kanthu kakang'ono, koma kamateteza ulemu wa bambo amene sukulu anailekera panjira ndipo amatembenuza masamba pang'onopang'ono. Wina akawerenga, amapempha kuti winanso awerenge ndime yomweyo m'Baibulo lina. Apa Karonga ali ndi mwayi. Pamphasa imodzi pamakhala olankhula Chinkhonde, Chitumbuka, wogwira ntchito m'boma wochokera kumwera atanyamula Buku Loyera la Chichewa, mwinanso wamalonda wa ku Songwe wozolowera Chiswahili. Nkhani ikamveka kachiwiri m'chiyankhulo china, makutu amene anagona amadzuka.

Kenaka aliyense amasankha liwu limodzi kapena mawu ochepa amene amukhudza, n'kuwatchula mokweza, mwina katatu, mopumira. Safotokoza chifukwa. Wina watola za mphepo, wina za tulo ta Yesu m'ngalawa, wina za mantha. Ntchito ya wotsogolera apa n'kusunga mpata pakati pa munthu ndi munthu, kuti mawu a uyu asapondane ndi a uyo. Akaona kuti onse akhuta, amalengeza kuti akhala chete mphindi zitatu, ndipo amazitchuladi mphindizo, kuti wina asamaganize kuti mtsogoleri waiwala chotsatira. Nkhuku zikupalasa, mwana akulira kuseri, wailesi ya oyandikana nawo ikuimba, iye osatekeseka. Anthu ambiri ophunzira, ngakhale odziwa kulalika, mphindi zitatu zimenezi zimawakanika.

Pogawana m'pamene pamaonekera mmisiri. Lamulo ndi lakuti munthu anene zimene Mawu amuuza iye mwini, osati zimene akuuza "anthu ena". Koma mphakati uliwonse uli ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene akaimirira amayamba kumasulira ndime ndi ndime. Uli ndi mayi amene ndime iliyonse amaipinda kuti ilase mnzake amene anakangana naye pachitsime. Kuwadula pagulu n'kuwachotsa ulemu, ndipo sabata yamawa sabwera. Kuwaleka n'kupha msonkhano. Wotsogolera waluso amadikira apume mpweya, n'kulowa mofatsa: "Zikomo aphunzitsi, mwatithandiza. Nanga inuyo, mawuwa akukhudzani pati?" Funso lomweli limatsitsa munthu paguwa n'kumubwezera pamphasa, osamuchititsa manyazi.

Zikayenda bwino, zimene zimatuluka n'zoti wansembe sakanazipeza m'mabuku a kuseminale. Msodzi amene mwera unamupezapo pakati pa nyanja ali m'bwato amadziwa chifukwa chake ophunzira aja anakuwa, ndipo sawaseka. Mayi amene anagona panja ndi ana zivomezi za mu Disembala 2009 zitagwetsa nyumba zambiri m'bomali, amamva mwa njira yake nkhani ya Ambuye ogona pamene ena akuthedwa nzeru. Wotsogolera sayamikira wina kuti wanena bwino kuposa mnzake, ndipo sawongola. Amangolandira. Ineyo ndimakuona kumeneku kukhala kuphunzira kwenikweni, chifukwa ndime imene munthu waifotokoza ndi moyo wake saiiwalanso.

Asanatseke ndi pemphero amatembenukira kuntchito, ndipo apa mawu ake amauma pang'ono. Sabata yatha tinagwirizana zokaona odwala, anapita ndani? Denga la agogo lija likudontha, udzu abweretsa ndani, tsiku liti? Salola yankho lakuti "tidzaona". Pano ndiye maina amatchulidwa.

Njirayi ili ndi malire ake. Siphunzitsa mbiri ya Baibulo, sifotokoza chiphunzitso cha Mpingo, ndipo mafunso ena olemera siingawayankhe. Anthu a ku Karonga si alendo pa mtsutso wa Malembo. Amishoni a Livingstonia anatsegula siteshoni ku Ngerenge kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anthu odziwerengera okha Baibulo anayambitsa mipingo yawo, monga Last Church ya Jordan Msumba ndi African National Church, imene inalandira amitala poona makolo a m'Chipangano Chakale. Mipingoyi ikadalipo, ndipo mafunso ake amafika pamphasa ya mphakati. Wina akafunsa kuti bwanji Yakobo anali ndi akazi angapo koma ife tikuletsedwa, mtsogoleri wodzikonda amapeka yankho pompo kuti asaoneke mbuli. Waluso amati, "Funso limeneli ndi lalikulu, tilisunge. Ndikalitula kwa akatekisiti kapena kwa bambo mfumu, tidzamve sabata yamawa." Ndipo amapitadi, n'kubwera nalo yankho. Motero iyenso amakhala pasukulu chaka ndi chaka: pa maphunziro a kuparishi, pa mapulogalamu a chikhulupiriro a wailesi ya dayosizi ya Tuntufye FM, ndi pa mafunso a anthu ake omwe, amene amamukakamiza kukafufuza.

Mpando wakewo saukakamira. Amene anakonza njirayi anafuna kuti kutsogolera kuzisinthana, ndipo wodziwa ntchito amakhala ali ndi wina amene akumuphunzitsa. Msonkhano ukatha, ena akukwera njinga, iye amatsala ndi mtsikana amene adzatsogolere sabata yamawa. Amasankha naye limodzi ndime, amamuyesetsa katchulidwe ka buku, mutu ndi ndime, n'kumuchenjeza za aphunzitsi aja. Tsikulo likafika, mtsikanayo akalumpha sitepe kapena akafupikitsa mphindi zitatu zija, iye samuwongola pagulu. Amadzamuuza ali awiri, pobwerera kunyumba.